Kusambira Nkosiyana ndi Kumira

Mumzinda wa Washington, DC, muli sukulu ya sekondale yotchedwa DC International School yomwe idatsegulidwa m'chaka cha 2014. Ndalama zoyendetsera sukuluyi zimachokera ku boma ndipo ana salipira fizi, koma ili ndi bodi yakeyake. Ophunzira amatenga Chisipanishi, Chifalansa kapena Chitchaina, ndipo maphunziro ena amaphunzitsidwa m'chiyankhulo chomwecho, motsata ndondomeko ya International Baccalaureate.

Mnzanga wina atamva izi adati, "Nanga si zomwe timachita kuno ndi Chingerezi?" Ine ndikukana.

Sukuluyi idakhazikitsidwa ndi sukulu zisanu zapulayimale zophunzitsa m'ziyankhulo ziwiri, monga Yu Ying ndi Mundo Verde. Choncho ana ambiri amafika kusekondale atachizolowera kale chiyankhulocho. Chachikulu nchakuti mwana wa m'banja loyankhula Chingerezi akamaphunzira Chitchaina sataya kanthu. Akaweruka, Chingerezi chake amachipeza m'basi, m'sitolo ndi pa wailesi yakanema, komanso chili ndi malo ake m'kalasi. Mwana amene kwawo amayankhula Chisipanishi naye amamva aphunzitsi akuphunzitsa m'chiyankhulo cha amayi ake.

Kusekondale komwe ndidaphunzira ine, ukagwidwa ukuyankhula Chichewa unkapatsidwa chikwanje kukatchetcha udzu. Chingerezi tidachidziwa ndithu, sindikunyoza ayi. Koma ndimakumbukira anzanga amene adangoti zii m'kalasi zaka zinayi zathunthu, osati chifukwa cha umbuli, koma poopa kusekedwa akaphonya mneni. Ena mwa iwo masamu ankawakhoza kuposa ine.