Galimoto imagulidwa ndi madola, nandolo timagulitsa ndi makwacha

M'mabanja ambiri kuno ku Phalombe muli loto la galimoto. Aphunzitsi ali nalo, anamwino ali nalo, wamalonda wa pa Migowi ali nalo, ngakhalenso mlimi amene nandolo wamukomera zaka ziwiri zotsatizana. Ambirife tikamatchula galimoto timaganiza za ka Sienta, ka Probox kapena ka Vitz, koti kazinyamula matumba angapo, kazitifikitsa ku Limbe, ndipo usiku wina mwana akatentha thupi tisamachite kugogoda pazitseko za eni. Chowawa n'chakuti banja limene linayamba kusunga ndalama ya galimoto mu 2021 lero lili kutali ndi galimotoyo kuposa tsiku limene linayamba. Ndalama ija sanadye, ikadali ku banki, ndipo mwina yawonjezekera. Chasuntha ndi mtengo.

Tiyambe tagwirizana pa mawu akuti "yatsopano". Galimoto yeniyeni yatsopano, yochokera m'nyumba zamagalasi za ku Blantyre ndi Lilongwe, amagula ndi a boma, mabungwe ndi makampani akuluakulu. Ngakhale ku America komwe anthu akulira nayo: mu Seputembala 2025 mtengo wapakatikati wa galimoto yatsopano unapitirira madola 50,000 kwa nthawi yoyamba. Yatsopano yathu ife ndi imene yangotsika kuchokera ku Japan, mwini wake woyamba atayenda nayo zaka zingapo. Kumeneko lamulo limafuna kuti galimoto ipimidwe ikakwanitsa zaka zitatu, kenako zaka ziwiri zilizonse, ndipo kupimitsako n'kodula, choncho ambiri amangoigulitsa n'kutenga ina. Mwayi wathu ndi wakuti a ku Japan amayenda kumanzere kwa msewu ngati ife, chiwongolero chili kumanja. Galimotozo zimakwera sitima yapamadzi, zambiri zimatsikira pa doko la Dar es Salaam, n'kuyendetsedwa pamsewu mpaka pa chipata cha Songwe ku Karonga. Zikamafika kuno kummwera zimakhala zadutsa dziko lonse.

Pa ulendo wonsewo, kuyambira kwa wogulitsa mpaka pa doko, ndalama imene imayankhula ndi dola. Kumayambiriro kwa 2022 dola imodzi ku banki inali pa K820 kapena kuposerapo pang'ono. Mu Meyi chaka chomwecho Banki Yaikulu inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti, dola n'kudutsa K1,000. Mu Novembala 2023 inatsitsanso ndi 44 peresenti, ndipo dola inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700 tsiku limodzi. Tiyerekeze galimoto imene pa intaneti yalembedwa madola 3,000 pamodzi ndi mtengo wa sitima. Mu Janyuwale 2022 inafunika ndalama pafupifupi K2,460,000. Kumapeto kwa 2023 galimoto yomweyo, ya mtundu womwewo, inafunika K5,100,000. Wa ku Japan sanakweze kanthu.

Ndiponso mtengo wa ku bankiwo ambiri amangouona pa bolodi. Madola ndi osowa, ndipo munthu wofuna kuitanitsa galimoto amatha kudikira miyezi. Ambiri ochita malondawa amakagula madola ku msika wam'mbali, umene lamulo siliuvomereza, komwe mu 2025 ankatchula K4,000 ndi kuposerapo pa dola imodzi. Pa mtengo umenewo galimoto ija ya madola 3,000 yafika pa K12,000,000 isanalowe m'dziko. Munthu wolandira malipiro otsikitsitsa amene boma linakhazikitsa mu 2025, K126,000 pamwezi, angafunike miyezi 95 osagula ngakhale mchere kuti aipeze ndalamayo. Pamwamba pake pamabwera msonkho wa MRA: wolowetsera katundu, wa eksaizi, ndi VAT. Galimoto ikakhala yakale kwambiri kapena ya injini yaikulu, msonkho umakulanso. N'chifukwa chake ija yotchipa kwambiri pa foni, imene imatikopa maso, kawirikawiri ndiyo imaluma pa chipata. Amene amagulitsa galimoto zoyendapo kale m'dziko muno nawonso amaona mitengo imeneyi, ndipo amakweza zawo. Lero munthu akugulitsa galimoto imene wayendera zaka zitatu pa ndalama yoposa imene anagulira, n'kumadzimva kuti wapindula, mpaka tsiku limene adzafune kugula ina.

Tsopano tibwere ku mbali yathu ya sikelo. Ndalama ya mlimi wa kuno imabwera kamodzi pachaka, kuchokera ku nandolo, mpendadzuwa, fodya kapena chimanga chotsala. Mtengo wa nandolo sitipanga ndife. Umadalira kwambiri dziko la India, ndipo amene ankalima mu 2017 akukumbukira mmene unagwera dzikolo litachepetsa nandolo wolowa kuchokera kunja. Matumba anangoti mbwee m'nyumba, mavenda akutchula mitengo yochititsa manyazi. Mu 2021 maiko awiriwa anagwirizana kuti India azigula matani 50,000 pachaka kwa zaka zisanu, ndipo zinthu zinayamba kupepukako, komabe palibe mlimi amene pa nthawi yobzala amadziwa kuti kilogalamu idzakhala pa zingati. Wogwira ntchito m'boma naye amakwezeredwa malipiro kamodzi pachaka, mochedwa, pamene dola yathamanga kale.

Apa ndi pamene mabanja amayamba kuganiza zachidule. Wina amati tigulitse ng'ombe, wina amati tigulitse munda wa kudambo uja, wina amati titenge ngongole lero mtengo usanakwerenso. Mantha amenewa ndi omveka, chifukwa mitengo ikukweradi. Koma ngongole ya masiku ano tiziyang'anitsitsa. Mu Febuluwale 2024 Banki Yaikulu inakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26 peresenti, ndipo mabanki amene ife timapitako amaika chawo pamwamba pa chimenecho. Mukabwereka K10,000,000 pa 30 peresenti pachaka, mwezi woyamba chiwongoladzanja chokha ndi K250,000, ngongole yeniyeni musanaikhudze. Za katapila ndiye tisanene. Munda ukapita wapita, ndipo m'boma lothithikana anthu ngati lathu lino simudzaupezanso wina pa mtengo umene munagulitsira. Komanso m'mabanja ambiri a kuno malo ndi a mbumba ya kuchikazi. Bambo amene akukakamiza mayi kuti munda ugulitsidwe kaamba ka galimoto akuyambitsa mlandu umene ankhoswe adzautafuna zaka zambiri.

Yankho limene timamva kawirikawiri ndi lakuti, "Idzibweza yokha, tiziyendetsa ngati takisi." Ena zimawayendera, sitikana. Koma masamu ake achitike modekha. Dalaivala amapatsidwa tageti ya tsiku, ndipo kuti aikwanitse n'kutsalako ndi yake amalongeza anthu khumi m'galimoto ya anthu asanu ndi awiri, matumba pamwamba. Mashoko amatha, matayala amatha, apolisi a pamsewu amalipiritsa, ndipo tsiku la ngozi a inshuwalansi amafunsa kuti munali anthu angati. Kwa ife osunga Sabata pali chinanso chimene tiyenera kuchikamba poyera. Galimoto yathu imaima kuyambira dzuwa likalowa Lachisanu mpaka litalowa pa Sabata, chikhalirecho Loweruka ndi tsiku limene anthu ambiri amayenda. Banki siwerenga zimenezo. Taona abale okhulupirika akuyamba kunena kuti, "Ife tikhala ku tchalitchi, mnyamatayo ndi amene aziyendetsa." Munthu safika pamenepo tsiku limodzi, amafikapo ngongole itamugwira pakhosi mwezi wachinayi. Ngati masamu a takisi sakutuluka pa masiku asanu ndi limodzi, ndiye kuti sakutuluka.

Ngakhale yogula ndi ndalama yanuyanu, galimoto ikalowa pakhomo imakhala ngati mlendo amene amadya kuposa ana. Mu Novembala 2023 bungwe la MERA linakweza petulo kuchoka pa K1,746 kufika pa K2,530 pa lita, ndipo mu Okutobala 2025 anafika pa K3,499. Ulendo wa ku Blantyre, kupita ndi kubwera, umadya malita pafupifupi 15 m'kagalimoto kakang'ono. Pa mtengo wa mu Okutobala uja ndi ndalama yoposa K52,000 pa petulo yekha, pamene pa minibasi munthu mmodzi sakanafika pamenepo. Ndipo tonse tikukumbukira mizere ya kumapeto kwa 2024, anthu akugona pa mafilingi siteshoni, ena akugula wa m'zigubu wosadziwika kuti wasakanizidwa ndi chiyani. Onjezani inshuwalansi ya chaka, COF, oyilo, batire ndi matayala anayi. Zambiri mwa izi zimachokera kunja, ndipo zimatsata dola yomwe ija.

Misewu yathu nayo ili ndi msonkho wake. Tala wochokera pa Chitakale kudutsa pa boma kukafika ku Jali ndi Zomba watithandiza kwambiri. Koma ambirife sitikhala m'mbali mwa tala. Ukangokhota kulowera ku nyanja ya Chilwa kapena kuseri kwa phiri ku Nkhulambe, ndi fumbi m'chilimwe ndi makande m'dzinja. Timagalimoto ta ku Japan tambiri n'totsika mimba, tinapangidwira misewu yosalala. Namondwe wa Freddy atagwa mu Marichi 2023 milatho inakokoloka, ndipo madera ena ankafikika ndi miyendo kapena ndege basi. Amene galimoto yake inamira m'matope ali ndi inshuwalansi ya third party anazindikira mochedwa kuti imeneyo imalipira amene mwamuwonongera, osati galimoto yanu.

Nanga tingoleka kulota? Ayi. Koma banja likhale pansi, bambo ndi mayi limodzi, liwerenge masiku a pachaka amene limafunadi galimoto. Mabanja ambiri akawerenga moona mtima amapeza kuti ndi ochepa: tsiku lotenga mbewu kupita nazo kumsika, tsiku lokasiya mwana kusukulu yogonera, maliro, msonkhano wa misasa, ndi tsiku la matenda. Pa onsewa, la matenda ndi limene limatisowetsa tulo, ndipo ndi limene limapangitsa munthu kusaina ngongole imene sangaikwanitse. Tsiku limenelo lingathe kukonzekeredwa popanda kukhala ndi galimoto pakhomo. Chipatala chachikulu cha John Chilembwe pa Migowi chinatsegulidwa mu 2022, Holy Family ilipo kuyambira kale, choncho maulendo ambiri amene kale ankathera ku Mulanje kapena ku Zomba tsopano afupika. Mayi woyembekezera amene amakhala kutali asadikire kuti matenda amuyambe pakati pa usiku mvula ikugwa. Apite kuchidikiro nthawi imene anamwino amuuza. Odwala BP ndi shuga a mudzi umodzi, amene tsiku lawo la kiliniki ndi limodzi, angathe kusonkherana n'kuchita hayala imodzi. M'nyumba muzikhala manambala a madalaivala awiri odalirika amene mwagwirizana nawo mtengo kukali masana, ndi ndalama ya ulendowo yoikidwa padera, imene sigwiridwa ngakhale ndiwo zitasowa. Magulu a banki m'khonde ali kale ndi kathumba ka zadzidzidzi, ndipo tingakondwe kuona madipatimenti a Dorika ndi a zaumoyo m'mipingo yathu akutengerapo nzeru imeneyi.

Ena atsikira ku njinga yamoto, ndipo m'misewu ya makande nthawi zina imadutsa pomwe galimoto yakanika. Tingochenjezana ziwiri. Zambiri zotchipa zimalowa kuchokera ku Mozambique zopanda mapepala, ndipo tsiku limene apolisi adzaigwire kutchipa kuja kudzatha. Chachiwiri ndi chipewa. Amene anayendapo m'mawodi a mafupa ku Queens amadziwa kuchuluka kwa anyamata ndi amayi amene anagwa pa kabaza. Banja limene lili ndi ndalama ya njinga yamoto lili nayonso ya zipewa ziwiri.

Alipo ndithu amene ntchito yawo imafuna galimoto, ndipo ndalama aisunga. Kwa amenewa tinene zochepa. Musatumize ndalama kwa munthu amene mwangomudziwira pa Facebook kapena WhatsApp, ngakhale zithunzi zake zikhale zokongola bwanji. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Musanaitanitse, funsani ku MRA kapena kwa ejenti wovomerezeka kuti msonkho wa galimoto imeneyo, ya chaka chimenecho ndi injini imeneyo, ndi ndalama zingati, chifukwa zilipo zimene zimathera pa chipata mwini wake atasowa ya msonkho. Mukamagula ya m'dziko momwemuno, onetsetsani kuti dzina la pa mapepala ndi la amene akukugulitsaniyo, nambala ya injini ndi ya chasisi zikugwirizana ndi zolembedwa, ndipo mupite limodzi ku Road Traffic kukasintha umwini ndalama yonse isanaperekedwe. Yochokera ku South Africa ikhale ndi chikalata cha apolisi chotsimikiza kuti si yakuba. Sankhani mtundu umene zipangizo zake zimapezeka ku Limbe ndipo amakaniko a kuno amaudziwa. Za hybrid zimasungadi petulo, koma funsani kaye mtengo wa batire yake yaikulu ija ndi kumene mungaipeze. Ndipo ngati mutalipira zonse simutsala ndi ndalama ya matayala anayi ndi inshuwalansi ya chaka, dikirani kukolola kwina. Tsiku loyesa galimoto mupite ndi makaniko wanu, osati wa wogulitsa, ndipo mukaiyendetse pa msewu wafumbi wonga wopita kwanu, mutakweza anthu kumbuyo, kuti mumve ngati mimba yake ikukhula pansi.