Mwana Asangowerengera Mayeso Okha



Sabata ino tikambirane za mabuku. Ambiri a ife tikagulira mwana makope ndi cholembera timayesa kuti ntchito yatha. Koma alipo mabuku ena amene sali a mayeso, ofotokoza za mbiri yathu, za makina ndi za masamu, ndipo ameneŵa ndiwo amatsegula mutu wa mwana.

Taganizani za William Kamkwamba wa ku Wimbe, m'boma la Kasungu. Pa njala ya 2001 ndi 2002 analeka sukulu chifukwa chosoŵa fizi. M'malo moyendayenda, ankapita ku laibulale yaing'ono ya pasukulu ya pulaimale ya kwawo, kumene anapeza buku lotchedwa Using Energy. Chingerezi sankachidziŵa bwino, koma anatsata zithunzi, natola zitsulo zotayidwa ndi njinga ya atate ake, napanga makina oyendera mphepo amene anayatsa magetsi m'nyumba mwawo. Anali ndi zaka 14 zokha.

Kunena za mbiri, ife a ku Dedza tili ndi chuma pakhomo. M'mapanga a Mphunzi, Chentcherere ndi Namzeze muli zithunzi zofiira za Akafula ndi zoyera za Acheŵa, zina mwa izo zokhudza chinamwali cha atsikana. M'chaka cha 2006 bungwe la UNESCO linaika malo 127 a dera la Chongoni pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse. Alendo amabwera kudzaona, koma kodi ana athu angafotokoze kanthu? Mphunzitsi Samuel Ntara anayenda kwa akuluakulu nalemba Mbiri ya Acheŵa m'chinenero chathu chomwechi, kuti mawu a agogo asapite nawo kumanda.

Masamu nawonso sali a amuna okha. Mayi wa kachewere amene sadziŵa kuŵerengera mbewu, feteleza ndi ganyu, amagulitsa ndowa yosefukira pa mtengo wotayitsa, kenaka nkumadabwa kuti ndalama zaloŵera kuti. Safunsa anadya phula.

Nanga tichite chiyani? Choyamba, funsani aphunzitsi aakulu ngati pasukulu pali mabuku obwereketsa. A m'tauni pitani ndi ana ku laibulale ya National Library Service. Chachiŵiri, pagulu lanu sonkhani kangachepe, mugule buku limodzi, lizizungulira nyumba ndi nyumba. Likutireni bwino, ndipo mulisunge kutali ndi chiswe ndi madontho a denga. Chachitatu, madzulo mukatha kudya, mwana akuŵerengereni mokweza, ngakhale inu simunapite patali ndi sukulu monga ine.

Ndipo chonde, mtsikana akagwira buku musamtume pompo kukatsuka mbale pamene mlongo wake ali khale. Mbale zidikira, koma m'mera mpoyamba.

Tsalani bwino, tidzachezanso sabata yamaŵa.