Ulemu pa nchito si "Yes, sir" cabe

Mukakwera basi yam'mamawa ku Chelstone kapena ku Kabwata, yang'anani amene mwapanikizana nao pampando. Uyo wa shati yoyera na buluku yakuda ni weita, ayenda kukasewenza ku hotela mu tauni, kapena ku loji ku Kabulonga na Woodlands. Kwa kondakita akamba momasuka: "Iwe, cenji yanga!" Koma pa miting'i ya anchito, pamaso pa manijala, atsala na mau awiri cabe: "Yes, sir."

Sikuti alibe zokamba. Vuto ni yakuti m'Cinyanja ulemu uli m'kati mwa mau. Tikati "mundipatseko", ka "mu" na ka "ko" katigwadira kale. Cizungu cilibe izi: "you" ni wa mwana, ni wa bwana. Manje munthu akatembenuza cabe n'kuti "Give me off tomorrow", abwana amva ngati awalamula. Akakalipiridwa kamodzi, asankha kukhala cete mpaka kale.

Azungu ulemu wao auika m'funso. Popempha ofu, kambani kuti "Could I please have tomorrow off?" Ngati simunamve, osati "What?" koma "Sorry, could you say that again?" Shefu akacedwetsa cakudya: "When you have a moment, table five is still waiting." Muli na nzelu: "May I suggest something?" Simugwirizana nazo: "I see your point, but…" ndiye mukambe cifukwa canu.

Ena adzati uku ni kunyambita mabwana. Ine ndikana, cifukwa apa pali ndalama. Pa bilu ya mu hotela pamakhala service charge ya 10 peresenti, ndipo lamulo iti ndalama iyo ni ya anchito. Employment Code Act ya 2019 iti maola a nchito pa sabata ni 48, opitirira apo ni ovataimu yolipiridwa. Wa "Yes, sir" safunsa izi. Wokwiya afunsa mokuwa, nkhani isanduka ya mwano wake, ya ndalama iiwalika. Koma amene ati "May I ask how the service charge was shared this month?" kapena "Could we go through my overtime hours together?" wasiya abwana na funso yofunika yankho, ndipo palibe pomugwirira mlandu.

Na imwe amanijala, "please" na "thank you" si za alendo okha. Amene atsuka mapoto ku khichini naye ni tate wa munthu.

Wamva m'mimba ndiye atsekula citseko. Pajamu ya pa Great East Road pali nthawi maningi: sankhani ciganizo cimodzi, mucibwereze camumtima mpaka citsetsereke pa lilime. Ngati K2 ya cenji simuisiya kwa kondakita, musasiye ovataimu yanu cifukwa cosowa mau.