Mabuku a nthano si mabodza ayi

Akonzi,

Mundiloleko kadanga pang'ono m'nyuzipepala yathu yokondedwayi kuti nditulutse zimene zili kukhosi kwanga. Lamulungu lapitali titaweruka ku tchalitchi, mkulu wina wampingo anandipeza pansi pa mtengo wa mango ndikuwerengera ana buku la nthano. Iwo anandidzudzula kuti munthu wopemphera sayenera kutaya nthawi ndi nkhani zopeka, ati chifukwa ndi mabodza. Sindinafune kutsutsana nawo pamaso pa ana, n'chifukwa chake ndati ndiyankhire kuno, poti maganizo oterewa ali ndi anthu ambiri.

Choyamba ndifunse: kodi mwana wolowerera uja dzina lake anali yani, nanga kwawo kunali kuti? Palibe angayankhe, chifukwa linali fanizo. Koma ndi anthu angati amene atembenuka mtima atamva fanizo limeneli? Nayenso mneneri Natani pokadzudzula mfumu Davide sanayambe ndi kuloza chala. Anayamba ndi nkhani ya munthu wosauka amene analandidwa kamwana ka nkhosa, ndipo Davide anadziweruza yekha. Bodza ndi lonamiza munthu, pamene nthano yabwino imamutsegula maso.

Tsono ndifuna nditchuleko mabuku amene ine ndimawakonda, kuti anzanga owerenga muwafunefune.

Loyamba ndi Nthondo, lolembedwa ndi Samuel Josia Nthara, amene anali mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma. Bukuli linatuluka m'chaka cha 1933 ndipo linapata mphotho pa mpikisano wa mabuku olembedwa m'zilankhulo za mu Africa. M'chaka cha 1934, m'busa T. Cullen Young analimasulira m'Chingerezi nalitcha Man of Africa. Limalondola moyo wa munthu mmodzi kuyambira kubadwa mpaka kumanda: ubwana wa kumudzi, unyamata wopulupudza ndi wakuba, ulendo wokafuna ntchito kutali, kubwerera kwawo, kulowa ufumu ndiponso kutembenuka mtima. Chimene chimandikoka ine n'chakuti a Nthara sanabise zoipa za Nthondo. Ukamawerenga umachita kumuona mnyamata wa m'mudzi mwako yemwe aliyense anamutaya kale, ndipo umayamba kudzifunsa ngati sitifulumira kuweruza ana athu. Tsono ngati mphunzitsi wa mishoni analemba buku lotere, ife lero tiliope chifukwa ninji?

Lachiwiri ndi Sikusinja ndi Gwenembe la a John W. Gwengwe, lomwe ambiri a ife tinaliwerenga kusukulu. Abale awiri apita kukagwira ntchito, koma pobwerera njiru imugwira Gwenembe mpaka kupha mbale wake chifukwa cha chuma. Iye ayesa kuti palibe waona, koma kambalame kamulondola ndi nyimbo yake youlula chinsinsi. Abusa, kodi imeneyi si nkhani ya Kaini ndi Abele itavala zovala zakwathu? Masiku ano pamene abale akutengerana ku bwalo la milandu chifukwa cha munda kapena katundu wamasiye, buku ili n'lofunika kuposa kale. Ana amene ndinkawawerengera aja anakhala chete ngati kulibe munthu, ndipo kamtsikana kena kanandifunsa kuti, "Agogo, nanga akadangopempha mbale wakeyo, sakadamugawira?" Funso limeneli ndi ulaliki wathunthu.

Musaiwalenso Njala Bwana ndi Madzi Akatayika a Willie Zingani, komanso Mtima Sukhuta ndi Ikakuona Litsiro Sikata a Jolly Max Ntaba, amene anatchuka kwambiri m'zaka za m'ma 1980. Chichewa chake n'chokoma, chodzala ndi miyambi imene ana athu a pa foni sakuimvanso. Kwa odziwa Chingerezi, Things Fall Apart la Chinua Achebe wa ku Nigeria, la m'chaka cha 1958, likuthandizani kulingalira mmene kubwera kwa amishoni ndi boma la atsamunda kunagwedezera midzi, ndiponso mmene kuuma mtima kumagwetsera munthu wamphamvu.

Sindikunena kuti buku lililonse n'labwino. Alipo ena osayenera ana, monganso zilili nyimbo ndi mafilimu. Koma mankhwala ake ndi kusankha, osati kuletsa zonse.

Dandaulo langa n'lakuti mabukuwa akutha. Nthondo wanga ndinabwereka mnzanga wina, ndipo patapita miyezi ndinapeza masamba ake akukulungira zitumbuwa pamsika. Mtima unandipweteka ngati ndaferedwa. Choncho ndikupempha abusa, ansembe ndi mafumu kuti pa tchalitchi chilichonse pakhale kabokosi ka mabuku, kokhala ndi kope lolembamo obwereka. Amene muli ndi mabuku akale m'masutikesi, atulutseni chiswe chisanawamalize. Osindikiza mabuku nawonso atiganizire ife a kumudzi powasindikizanso pa mtengo woti tingathe. Mutu umodzi susenza denga.

Kwa akulu ampingo aja ndikuti: bwerani Lamulungu likudzali pansi pa mango paja, mudzakhale nafe mpaka nthano ithe, kenaka mudzaweruze.

Mphunzitsi wopuma,
Dedza.