Ng'ombe yapapepala sikamidwa

Mawu oti "bola kutsekemera" andikola. Amatero anzanga akamagula timachokoleti ta m'maokala kuno ku Thazima, tija tojambulidwa ng'ombe yonenepa ndi mkaka wosefukira. Tembenuzani pepalalo muwerenge tizilembo takuseri. Zopangira amazindandalika kuyambira chochuluka: shuga patsogolo, kenaka mafuta a palm, mkaka uli kumchira uko ngati mlendo wobwera nsima itatha.

Dzina loti milk chocolate lili ndi manambala ake, aise. Lamulo la mayiko a EU la chaka cha 2000 limati m'magalamu 100 aliwonse mukhale magalamu osachepera 25 a koko ndi 14 a mkaka wouma, ndipo 3.5 mwa amenewo akhale mafuta a mkaka weniweni. Ku America amalola 12 a mkaka. Ndati wouma dala. Mkaka wokama kumene, magawo 87 mwa 100 ndi madzi, ndipo madzi akalowa m'chokoleti chimangoumbika ngati dothi. N'chifukwa chake Daniel Peter wa ku Switzerland anavutika zaka zambiri mpaka 1875, pamene anagwiritsa ntchito mkaka wochotsedwa madzi. Lero ndi waufa. Wa full cream uli ndi mafuta pafupifupi magawo 26 mwa 100, ndiye mukathira magalamu 15 mwakwanitsa zonse ziwiri. Wochotsedwa mafuta, wotchipa uja, sangafike pa 3.5 payekha.

Ena akuti awa ndi malamulo a azungu, ife sakutikhudza. Bodza. Codex Alimentarius, imene Malawi ndi membala wake, ili ndi muyezo wofanana nawo kuyambira 1981, ndipo bungwe la MBS lilipo kuti katundu wa m'golosale asatinamize. Azunguwo anakangana zaka pafupifupi 30, kuchokera pamene Britain inalowa m'gulu lawo mu 1973, pa nkhani yoti chokoleti chake cha mkaka wambiri ndi mafuta ena chizitchedwa chiyani. Iwo dzina amalilimbira. Ife tingomeza?

Chikundiwawa n'chakuti mayi amagulira mwana kanthuko akuganiza kuti muli mkaka. Ndipo mtsikana wa ku Mzuzu amene akufuna kupanga chokoleti chenicheni, kugula koko ndi mkaka waufa wodula, apikisana bwanji ndi mafuta opaka utoto ogulitsidwa ndi dzina lomwelo? Alendo opita ku Nyika akaima pageti pano kugula uchi amafunsa ngati sitinathiremo shuga, ndipo timalumbira kuti ayi. Funso lomwelo kwa wachokoleti timachita nalo manyazi chifukwa chiyani?

Gulitsani switi zanuzo, palibe akukuletsani. Koma lembani kuti ndi switi, ng'ombeyo muichotsepo.