Kodi a ku Tokelau Anataya Ndalama pa Dzuwa?

Anzanga, pa mapu Tokelau simungampeze msanga, pakuti ndi timadontho titatu chabe pakati pa nyanja yamchere ya Pacific: Atafu, Nukunonu ndi Fakaofo. Anthu ake ngokwana ngati 1,500, ndipo dzikolo likadali m'manja mwa boma la New Zealand. Bwalo la ndege kulibe. Wofuna kufikako akwera sitima ku Apia, m'dziko la Samoa, nayenda pamadzi usana ndi usiku wathunthu, mwinanso kupitirira.

Kale magetsi a kumeneko ankachokera ku injini za dizilo, ndipo diziloyo ankabwera m'migolo pa sitima yomweyo. Tsono m'chaka cha 2012, ndi thandizo la New Zealand, anaika mapanelo a sola oposa 4,000 ndi mabatire oposa 1,300, kotero kuti pafupifupi magetsi onse anayamba kuchokera ku dzuwa.

Alipo ena amene anena kuti ntchito imeneyi inali yachabe. Ati mtunda wa ku Tokelau sufika patali, malo okwera koposa ndi mamita 5 okha pamwamba pa madzi, ndipo nyanja ilikukwera chifukwa cha utsi wa mafakitale ndi magalimoto a maiko aakulu. Anthu 1,500 angakhale aleke kutentha mafuta lero lomwe, nyanja siimva. Zimenezi nzoona ndithu, ine sinditsutsa. Koma onena tere aiwala chimene munthu wa pachilumba aopa.

Iye aopa tsiku limene sitima siifika. M'chaka cha 2005 namondwe wotchedwa Percy anagunda zilumbazi, madzi a m'nyanja nalowa m'midzi. Taganizani inu, pa masiku otere ndani angayendetse sitima kudzatula migolo? Injini ikatha mafuta, mankhwala a m'firiji ya kuchipatala aonongeka, nsomba zosungidwa ziwola, ngakhale wailesi yoitanira thandizo ikhala chete. Koma namondwe akapita dzuwa lituluka mmawa mwake osadikira sitima, osafunanso malipiro. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Dizilo wa ku Apia ndiye wa pachalayo. Ndiponso ndalama zimene zinkathera ku mafuta zingathe kugula matanki, pakuti kumeneko kulibe mtsinje ndi umodzi womwe, anthu akumwa madzi amvula.

Chinanso nchakuti ntchitoyi iwapatsa pakamwa. M'chaka cha 2021 Simon Kofe, amene anali nduna yoona za kunja ya Tuvalu, dziko lina la zilumba m'nyanja yomweyo, analankhula kwa a msonkhano wa ku Glasgow ataima m'madzi ofika m'maondo, atavala suti ndi tayi. Mau otere alemera koposa pamene a pazilumba angathe kuuza maiko aakulu kuti iwo, osauka, anayamba kale kuleka mafuta.

Komatu pali chimodzi chimene chindidetsa nkhawa, ndipo ochemerera sola sakonda kuchitchula. Mphepo ya kunyanja ili ndi mchere, ndipo mchere udya chitsulo. Mabatire nawo akalamba pakapita zaka, nafuna kusinthidwa ndi ndalama zambiri. Ngati pachilumba palibe mnyamata kapena mtsikana wodziwa kupima batire ndi kulumikiza nthambo, anthu angoleka kudikira migolo nayamba kudikira mmisiri wochokera kunja, pa sitima yomwe ija. Chifukwa chake ine ndikuti maiko opereka thandizo alakwa akatumiza mapanelo okha. Pa ndalama zomwezo apatuleko zophunzitsira ana a komweko ndi zogulira mabatire ena akale akatha. Funso lomweli liyenera kufunsidwa kwathu ku Likoma ndi Chizumulu, kumene nakonso kale ankadalira injini za dizilo asanaike sola: kodi chikafa chipangizo chimodzi kumeneko, wochikonza achokera pachilumba pomwepo, kapena adikira tsiku la sitima?