Chiyankhulo Chathu: Waliuma si Bilimankhwe

Pabwalo la mfumu kapena pamaso pa ankhoswe, mlandu umatha kupindika chifukwa cha liwu limodzi. Mkazi akadandaula kuti mwamuna wake ndi wovuta, nkhoswe yanzeru imayamba yafunsa kuti, wovuta motani?

Wamakani amatsutsa ndi pakamwa. Anzake akati mvula yayandikira, iye akuti ayi, mpaka nsima kuzizira. Koma m'mawa mwake amapezeka kumunda akubzala. Waliuma salankhula zambiri, amangokakamira pomwe waima. Alangizi a zaulimi anene zawo, iye alima monga ankalimira bambo ake. Nkhutukumve ndiye amamva bwinobwino, kuvomera ndi mutu, n'kukachita zake. Ana a sukulu ku Ulongwe anthu onsewa amangowatcha "teimoso", ngati kuti ndi munthu mmodzi.

Atatuwa ali ndi ubwino umodzi: amadziwika pomwe ali. Wosautsa zedi ndi wosinthasintha, uja amatchedwa bilimankhwe kapena nanzikambe. Madzulo walonjeza ngolo yake kuti itengere mbatata ya kachewere kumsika wa Lizulu, tambala akulira akuti ng'ombe zatopa, matumba ali kale pamsewu. Dzulo amaseka ndi aliyense, lero moni sakuyankha. Waliuma akavomera ngongole amabweza, ngakhale monyinyirika. Bilimankhwe ndi wofunika mboni ziwiri.

Liwu lolemera kuposa onsewa ndi lakuti "dala". Kunena kuti munthu akuchita dala ndiko kugamula kuti akudziwa chimene akuchita ndipo wachisankha yekha. Apa ndi pomwe midzi imalakwira anthu. Nkhondo itatha mu 1992, mabanja ambiri anabwerera kuchokera ku Dedza ndi ku Ntcheu, anyamata ena anatuluka kutchire. Ena mwa iwo ankapsa mtima mwadzidzidzi, kudzidzimuka usiku, kuthawa pagulu. Anatchedwa amtudzu, ena amisala, chonsecho ankazunzika ndi zimene maso awo anaona.

Zotere zikuchitikabe. Mwana wotuluka mafinya m'khutu amakwapulidwa ngati nkhutukumve, pamene khutulo silikumvadi ndipo likufunika kuchipatala. Agogo akayamba kuiwala, kukana chakudya chimene apempha okha, kapena kusochera usiku m'mudzi momwe anabadwira, adzukulu amati ayamba nthabwala, anansi n'kumanong'onezana za ufiti. Nthawi zambiri amakhala matenda a ukalamba ogwira ubongo, ndipo agogowo sadziwa n'komwe kuti dzulo anakana phala.